Mapiritsi a Mtima ndi Misa ya M'mawa

Pa siteji ya minibasi za ku Chiparamba, mayi wina anagwetsa kathumba ka mapiritsi. Bambo wachikulire wovala korona m'khosi anakatola n'kukapukuta fumbi.

"Mayi, mwagwetsa. Mukudwala ndinu?"

"Zikomo, bambo! Ndi a bambo a kunyumba. Adokotala akuti magazi sankafika bwino kumtima, ndiye mtimawo unatupa. Awa ndi ochepetsa kutupa, awa ndi oti magazi asaundane."

"Nanga akupeza bwanji?"

"Ee, Mulungu ndi wamkulu! Munthu ankalephera kufika pakhomo, dzana anakayendera yekha mtedza kumunda! Koma lero adokotala andikalipira. Akuti akapitiriza kudumphitsa mankhwala, matenda abwerera moopsa."

"Amadumphitsiranji?"

"Amapita ku Misa katatu pa sabata. Akuti sangameze kanthu asanalandire Ukalistia. Akabwerako aiwala, basi tsiku lapita."

"Iii! Mayi, ine ndakhala katekisiti zaka makumi awiri. Madzi ndi mankhwala siziletsedwa ayi! Amwe, akalandire bwinobwino."

"Mukunena zoona?"

"Kafunseni Bambo Mfumu aliyense."

"Mayo ine! Miyezi iwiri tikukangana m'nyumba, ine kumatchedwa woyesa munthu wa Mulungu!"

"Mukawauze lero lomwe."

"Ine? Mawu a mkazi pa nkhani za tchalitchi? A Zulu simukuwadziwa! Imani pomwepo, ndikuimba foni. Halo, a bambo a Juliet? Musadule! Pano pali a katekisiti. Eya, enieni, korona ali nayo m'khosi. Landirani, bambo, muwauze pang'onopang'ono, ngodwala mtima."