Wamwalira Lolemba, Lachitatu Akukwatira

Pa siteji ya basi, mayi wina ankatembenuza masamba a buku lochindikala atakwinya nkhope. Bambo wachikulire amene anakhala naye pabenchi anasuzumira chikuto chake.

"Mayi, mwanyamula chuma. Buku limeneli ine ndinaliphunzitsa zaka makumi awiri."

"Chuma chake chiti, aphunzitsi? Landizunguza mutu. Bambo anga maso anasiya kuona, ndiye ndimawawerengera tsiku ndi tsiku. Koma lero ndikukawauza kuti ndalephera. M'nkhani ya m'bukumu munthu yemweyo wamwalira Lolemba, Lachitatu akukwatira, Lachisanu ali kusukulu!"

"Kodi mumawerenga bwanji?"

"Monga ndimachitira ndi Malemba m'mawa. Ndimapemphera, n'kutsegula pamene chala chagwera."

"Ayi, mayi, ili si la mavesi! Lili ngati nyimbo ya m'tchalitchi: ndime yoyamba, kenako yachiwiri. Nanga bambo anuwo sakudzudzulani?"

"Amangoseka. Amati, 'Pitiriza mwananga, ine kuuka kwa akufa ndimakhulupirira.'"

"Ndiye kuti akulidziwa pamtima. Musawamane, akungofuna kulimvanso m'mawu a mwana wawo."

Mayiyo anayeza kuchindikala kwa bukulo ndi zala, nakumbukira mmene bambo ake aondera chaka chino.

"Koma masamba onsewa, tidzafika kumapeto iwo akadali moyo?"

"Masiku mwini wake ndi Ambuye. Inu kayambeni tsamba loyamba lero lomwe."

"Ndiyambe pompano, aphunzitsi, basi isanabwere. Pamene ndipunthwe mundigwire dzanja."