Pikapu Imene Inkakana Kulira M'mawa

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Kadoma, a ku Chegutu, ndi inu amene muli kutali koma mumawerenga zimene timagawana pano. Ine ndine mai a Chipo a ku Ingezi. Ena mumandidziwa monga mzimayi uja woyendetsa pikapu yoyera yonyamula amayi a pamsika. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene pikapu imeneyo inatsala pang'ono kundichoka m'manja pa nthawi imene amuna anga anali chigonere, ndi mmene Mulungu anandibwezera m'njira imene mpaka pano ndikaikumbukira ndimaseka ndekha.

Pikapu imeneyi ndiyo munda wathu. Amuna anga, bambo a Chipo, anaigula atasiya ntchito ya mumgodi, ndipo ntchito yake inali imodzi: kunyamuka kusanache ndi amayi a pamsika, kupita nawo kumapulazi a kufupi ndi Chegutu kukapikula kabichi, tomato ndi repu, n'kubwerera nawo ku Kadoma anthu asanayambe kugula. Amayiwo safuna zochedwa. Ukafika kupulazi dzuwa litakwera umapeza zotsala, ndipo ukafika pamsika mochedwa umapeza anzako agulitsa kale.

Bambo a Chipo anali ndi chizolowezi chawo. M'mawa uliwonse asanalowe m'galimoto ankatsekula boneti, n'kuwerama, n'kuika dzanja pa injini, mutu uli zyoli, milomo ikugwedera. Akatero ankatseka boneti, n'kuliza galimoto. Ine ndinkawaonera pawindo ndikuwiritsa tiyi, mtima ukusefukira. Kumsonkhano wa amayi a Lachinayi ndinkachita kudzitama nazo. Ndinkati anzanganu amuna anu amapempherera chakudya chokha, anga amasanjika manja ngakhale pa injini. Amayi ankaomba m'manja, ena n'kupita kukanyoza amuna awo kunyumba.

Kenaka kumapeto kwa dzinja sitiroko inawagwetsa bambo a Chipo. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu anatsekeka. Kumva ankamva zonse, maso ali gwa, koma pakamwa pankangotuluka mpweya. Titatuluka m'chipatala ndinaona kuti kulira sikudyetsa ana. Chiphaso choyendetsera ndinali nacho, chifukwa iwo omwewo anandiphunzitsa kale mumsewu wa ku Chakari, akundikalipira ngati mwana. Ndinauza amayi a pamsika kuti ntchito ipitirira, woyendetsa ndi ine.

Apa m'pamene pikapu inandionetsa zakuda. Chisanu cha Juni chinali chitafika, chija cholowa mpaka m'mano. Ndikapotokola kiyi, sitata inkazungulira bwinobwino, koma injini osagwira. Ndipotokole, ndipotokolenso, mpaka batire kufooka. Zikatero amayi aja ankatsika, kumanga zitenje, n'kuyamba kukankha mumsewu wa kwathu, agalu a mu Ingezi akutiperekeza. Tinkakankha mtunda ndithu isanatsokomole. Chodabwitsa n'chakuti ikangolira basi, tsiku lonse inali mfumu. Uizimitse ku Chegutu, uilizenso, kamodzi n'kamodzi. Koma igone usiku, m'mawa nkhondo yayambiranso.

Palibe chimene sindinayese. Wina anati ndi batire, ndinasintha batire. Wina anati ndi sitata, anaimasula, kuitsuka, kuibwezera, osaphula kanthu. Ndinathira madzi otentha pa injini. Ndinaifunditsa bulangete la alendo, lija sindilola ngakhale ana anga kuligwira. Tsiku lina ndinaika mbaula kunsi kwake kuti iwothe moto, mnansi wanga anachita kuthamanga wosavala nsapato kudzaichotsa, akundifunsa ngati ndikufuna kuotcha layini yonse ya nyumba zathu. Ena anayamba zonong'ona, ati galimoto imadziwa mwini wake, ena ati pali munthu waiponda. Ndikalowa m'nyumba kukadandaula, bambo a Chipo ankangotsitsa ndi kukweza chikhatho chawo chamanzere, maso ali pa ine. Ndinkayesa akuti ndidekhe, ndiye ndinkawayankha kuti ndadekha kale.

Amayi a pamsika anapirira, koma kupirira kuli ndi malire. M'mawa wina mmodzi wa iwo, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, anandiuza mosapsatira.

"Mai a Chipo, ife timalipira mari kuti tikwere, osati kuti tikankhe. Musatiyese ng'ombe."

Sabata yotsatira amayi onse anapeza galimoto ina. Sindinawakwiyire, nanga ndikanakhala ine ndikanatani? Koma zinandiwawa kuona pikapu ili tsonga pabwalo, ana akudya zochepa, mankhwala a bambo awo akutha. Ndiye kunabwera alamu anga a Dikisoni, akulu awo a bambo a Chipo, amene amakhala ku Chegutu. Si munthu woipa, koma akaganiza chinthu amakhala wamaliza. Anati chitsulo chimenechi chafa, chigulitsidwe chisanasanduke khola la nkhuku, ndipo wogula amupeza kale, munthu wokumba golide ku Chakari amene akufuna kuiphwasula kuti atengeko zida. Anati abwera naye Loweruka m'mawa. Anayankhula zimenezi mng'ono wawo ali pomwepo, ndipo ndinaona misozi ikutsikira m'khutu mwa amuna anga. Tsiku limenelo ndinataya mtima. Ndinakalowa m'pikapu, kutseka chitseko, n'kulira mokweza ngati pamaliro.

Loweruka ndinadzuka m'mamawa, udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndinati ndisanaitaye, ndichiteko chimene mwini wake ankachita. Masiku onsewo ndinkapemphera ndili pachiwongolero, chifukwa ndinkaona kuti zosanjika manja pa injini n'za anthu a chikhulupiriro chachikulu. Ndinatsekula boneti, kuima pamene ankaima, n'kuyang'ana kuti kodi dzanja ankaliika pati. M'katimo monse munali fumbi ndi mafuta okhaokha, koma chakumbali kunali kanthu kakuda kozungulira, kosalala, konyezimira ngati mpini wa khasu lakale. Ndinadziwa kuti ndi pomwepo.

Ndinaikapo chikhatho, kutseka maso, n'kuyamba. Ndinati Ambuye, chikhulupiriro cha amuna anga ine ndilibe, koma ana ndi omwewo, njala ndi yomweyo. Inu mukudziwa mmene ife amayi timapempherera zikatikwana, thupi lonse limagwira ntchito. Nditatsamira mwamphamvu, kanthu kaja kanalowa pansi. Mtima unangoti phwii, ndinati ndathyola. Nditachotsa dzanja kanadzukanso. Ndinati kaya, zimene zathyoka zathyoka, ndinapitiriza pemphero, ndipo paliponse ndikati "m'dzina la Yesu" ndinkadinikiza. Poyamba kanali kofewa. Pang'ono ndi pang'ono kanayamba kulimba, mpaka kanakana kulowa. Ndinati ameni, n'kukakhala pachiwongolero.

Abale anga, nditapotokola kiyi inatsokomola, kunjenjemera, kutulutsa chiutsi choyera, kenaka n'kulira! Popanda wokankha! Nthungululu imene ndinaimba inadzutsa layini yonse. Alamu anga ndi wogula uja anandipeza ndikuvina mozungulira galimoto nditavala jasi la amuna anga.

Wogulayo anali mwamuna wa zaka zapakati, wojintcha, wovala magambutsu, dzina lake Tawanda. Anatipatsa moni m'Chishona, ife tinamuyankha m'Chishona. Ndiye monga mwa chizolowezi chathu ife ana a anthu obwera, tikafuna kubisa nkhani pamaso pa mlendo timatembenukira ku chiyankhulo cha makolo. Ndinafotokozera alamu zonse m'Chichewa, za dzanja, za pemphero, za kanthu kolimba kaja.

"Alamu, musadzinamize," anatero iwo. "Yalira lero, mawa ikananso. Tsekani pakamwa, munthuyu atenge chinthuchi tisanachite manyazi."

Ndinayamba kuwayankha, ndipo ine ndikapsa mtima sindisankha mawu. Tili mkati mokangana tinamva munthu akuseka. Anali Tawanda, atagwira pamimba.

"Mhamha, mota iyi haina kufa," anatero, kutanthauza kuti galimotoyi siinafe. Kenaka anayesa Chichewa chopindikapindika. "Ine ndimva zonse. Agogo anga anali a ku Dedza. Ndionetseni mwagwira pati."

Ine ndinamuonetsa. Anandifunsa mafunso m'Chishona, ine ndikuyankha m'Chichewa, tikumvana bwinobwino. Kodi sitata imazungulira mwamphamvu? Ndinati inde. Anati ndiye batire ndi sitata munazinamizira. Kodi ikatentha imavuta? Ndinati ayi. Kodi masiku onsewa ikamakana, kumbuyo kumatuluka utsi? Ndinaganiza, ndinati ayi, utsi ndauona lero. Anati basi, mlandu watha. Injini ikamazungulira popanda utsi ndiye kuti dizilo sakufika n'komwe. Kanthu kamene ndinadinikiza ndi kapampu ka pamanja kamene kali pamwamba pa sefa ya dizilo. Penapake pali pamene pakulowa mpweya, ndiye galimoto ikagona dizilo yense amabwerera kuthanki, m'mapaipi n'kutsala mopanda kanthu. Mwini wake ankadziwa, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse ankayamba wapopa.

Ndinafunsa kuti nanga milomo ija inkagwederanji? Anati mwina ankawerenga.

Anazimitsa injini, n'kuyamba kutsatira kapaipi ka labala ndi zala mpaka anapeza pamene panali ponyowa, pong'aluka pang'ono kumapeto. Anadula pong'alukapo ndi mpeni wa m'thumba, kubwezera, n'kumanga bwino. Za chiutsi choyera chija anati ndi nkhani ina: mkati mwa injini muli timapulagi totenthetsa, amati mahita, ndipo ena mwa iwo ayenera kuti anapsa, n'chifukwa chake m'chisanu imalira monjenjemera. Anandiuza kuti ndikagule atsopano, komanso kuti ndikatsekula kiyi ndizidikira kaye kanyali ka padeshibodi kazime ndisanalize. Ine kanyali kameneko ndinkakayesa kokongoletsa.

Alamu anafunsa ngati akuigulabe. Tawanda anapukusa mutu. Anati akanatha kukhala chete n'kuitenga pamtengo wa zitsulo zakutha, koma kuyambira pamene agogo ake anamwalira sanamveponso mzimayi akukalipa m'Chichewa chotere, ndipo atati andibere sangagone tulo. Ndinafuna kumupatsa kangachepe, anakana. Anangopempha tiyi. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ine ndinaziona ndi maso.

Atapita, ndinalowa kuchipinda manja ali m'chiuno. Ndinati bambo a Chipo, zaka zonsezi ine ndikulalikira kwa amayi kuti mumapempherera injini, kani mumapopa dizilo? Kapaipi kodula ndi mpeni kanakukanikani kukonza? Anandiyang'ana, n'kukweza chikhatho chija, kutsitsa, kukweza, kutsitsa. Apo m'pamene ndinazindikira zimene ankandiuza masiku onse aja. Kenaka anayamba kuseka. Chigwereni anali asanasekepo. Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope mpaka kutsokomola, ine ndinagwera pabedi pomwepo, tonse misozi ili chuchuchu.

M'mawa mwake sindinakhudze kapampu. Ndinadikira kanyali, kupotokola kiyi, inalira. Mahita nditasintha, ngakhale kunjenjemera kunatha. Amayi a pamsika anabwerera mmodzimmodzi, ndipo uja anati si ng'ombe ndiye anayamba. Alamu anga masiku ano akafuna kunyamula chimanga amaimbira ine, ndipo za khola la nkhuku satchulanso.

Lachinayi lotsatira ndinakaimirira pamaso pa amayi n'kuwauza zonse. Anaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Mmodzi anati ndiye kuti panalibe chozizwitsa, inali pampu chabe. Ndinamuyankha kuti pampuyo inalipo masiku onse, amakaniko anaidutsa, ine ndinaifunditsa bulangete osaiona. Ndani anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo m'mawa umene galimoto imapita? Ndani anasankha, mwa anthu onse okumba golide ku Chakari, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza kuti ndiye abwere kudzagula? Ine sindinaphunzire kwambiri, koma dzanja la Mulungu ndimalidziwa.

Choncho ndikuthokoza Ambuye amene sanandisiye ndichite manyazi. Ndikuthokoza amayi amene anakankha nane m'chisanu, ndi Tawanda kulikonse kumene ali. Inu amene mwafika potopa, amene chinthu chanu chodalira chikukana ndipo anthu ayamba kale kuchiikira mtengo, musafulumire kusiya. Pempherani, ndipo pempherani mutagwira chinthucho. Thandizo likhoza kubwera ndi munthu yemweyo amene mumamuopa.

Pano bambo a Chipo akuyenda ndi ndodo, ndipo masiku ena ndimawakweza kutsogolo kuti akapitidwe mphepo. Tsiku lina tikuchokera ku Chegutu, kabichi atadzaza mpaka pamwamba, ndinali nditatengeka ndi nyimbo imene amayi ankaimba kumbuyo, injini ikubuula ine osamva. Mwadzidzidzi ndinamva dzanja likumenya deshibodi, ndi mawu okalipa amene ndinali nditaiwala kamvekedwe kake.

"Giya!"

Awo ndiwo mawu oyamba amene amuna anga anayankhula chidwalireni. Sanati mkazi wanga, sanati zikomo. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu, amayi akufunsa kuti yafanso kodi. Nditapukuta maso ndinasintha giyayo, tinapitiriza ulendo. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.