DNA ya Nyemba Zathu Inkathawira Kumbuyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Ulongwe. Ine ndine mwana wa mlimi wa ku Lifidzi, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kulephera maphunziro anga a zaulimi pa mlandu wosakhala wanga. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ntchito yanga yomaliza inali yoyeza DNA ya nyemba zathu zamakolo. Timaithira m'timaenje ta kumapeto kwa jelo, kachinthu kooneka ngati phala lozizira kokhala m'madzi mkati mwa makina, kenaka n'kuyatsa magetsi. DNA ili ndi mphamvu ya negativo chifukwa cha mchere wotchedwa fosifeti wa pamsana pake, choncho imakokedwa kupita ku pozitivo, n'kusiya mizere pa jelopo. Koma kwa ine, nthawi zonse jelo inkatuluka mbee!

Aporofesolo athu sanafune n'kuyang'ana komwe makinawo. Anandinyoza pamaso pa anzanga: "Manja anuwa ndi a khasu, bwererani mukapalire." Ndinatsala ndi kachubu kamodzi kokha ka DNA, nyengo ya nyemba itatha. Ndinakwiya zedi, ndipo Mulungu yemwe ndinamukalipira: mwandichotseranji kumunda ngati munkafuna kundichititsa manyazi?

Ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kuti ndizipita kwathu, basi zathera pomwepo. Panjira galimoto inazima. Dalaivala wina anaima kuti atigawire moto wa bateriya yake, koma atangolumikiza zingwe, moto thetheee. Dalaivala wathu anakuwa: "Achimwene, musadalire mtundu wa chingwe, onani chizindikiro!"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinatsika, n'kubwerera ku laboratoliyo. Nditatsatira zingwe za makina aja mpaka pamene zinachokera, ndinapeza kuti wina pozikonza anakulunga tepi yofiira pa chingwe cha negativo. Ine ndinkatsatira tepiyo monga anatiphunzitsira, kuti chingwe chofiira ndi cha pozitivo. Masiku onsewo DNA yanga inkathawa negativoyo, n'kutulukira kumbuyo kwa timaenje, kukatayikira m'madzi.

Ndinasintha zingwe, n'kuthira kachubu kanga komaliza. Mizere inatuluka ndondondo, ndipo ndinagwada pansi pomwepo n'kulira.

Aporofesolo sanapepese. Anangoti, "Mwachita mwayi." Mwayi wake uti? Kukhululuka ndikuphunzirabe, sindikunamizani.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ndili mkati momukalipira. Inu amene akukunenani kuti simungathe, musamange katundu msanga. Pempherani ngakhale mokwiya, Iye amamva. Ine ndinakhoza, ndipo nyemba za bambo anga zinalembedwa m'buku la sayansi ndi dzina lawo la Chinyanja.