Thabwa Louma Limayankha

Olemekezeka a wapampando a bungwe la amisiri, olemekezeka a mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ntchito zamanja, mayi mwini wa malo ano opangira magitala, aphunzitsi a nyimbo, akalipentala anzanga amene maso anayamba kuchita chidima ngati angawa, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, choncho sindinabwere ndi pepala. Ndabwera ndi chala ichi, chimene chagogoda matabwa zaka makumi asanu.

Gitala yotsika mtengo si gitala yachabechabe. Kumsana ndi m'mbali mukhoza kuikako pulayi, timatabwa topyapyala tomatikiza tija, palibe angakudzudzuleni, pakuti pulayi sang'aluka msanga ndiponso sadula. Koma pamimba, pamene pamatuluka mawu, pamafuna thabwa lopepuka, lopalidwa bwino, lokhala ndi nthiti zomatidwa ndi guluu wokwanira mkati mwake. Ndipo khosi limafuna mtengo wolimba, wouma mpaka mumtima. Khosi likakhala laliwisi, zingwe zimalikoka tsiku ndi tsiku mpaka lipinde, ndipo mwana wa mmphawi amene wagula gitalayo amatupa zala, n'kumaganiza kuti wopanda luso ndi iyeyo.

Zimenezi sindinaziwerenge m'buku. Ndili mnyamata ndinkapanga magitala pa kampani ina. Tsiku lina lole inatsitsa matabwa akununkha utomoni. Ndinagogoda limodzi, linangoti phu, ngati dzungu. Ndinati, "A kapitawo, matabwawa sanaume." Iwo anati, "Iwe wosatha kulemba dzina lako, ukufuna thabwa likupatse moni? Pala." Ndinapala. Patatha miyezi itatu magitala onse anabwezedwa, makosi atapinda ngati zikwakwa. Mlandu unagwera ine, ntchito inatha, ndipo ndinapatsidwa dzina limene ena mukunong'onezana kumbuyoko: Chipindakhosi. Sekani, ndinazolowera. Ngakhale adzukulu anga amaitanidwa nalo.

Tsono mayi mwini wa malo ano ndi mwana wa kapitawo uja. Atabwera kudzandiitana kuti ndidzatsegule malowa, ndinakana kawiri. Kachitatu ndinati, "Ndibwera, koma ndidzayamba ndagogoda thabwa lanu. Likadzati phu, ndidzabwerera pachipata, riboniyo mudzadule nokha." Iwo anangoti, "Bambo, mudzabwere ndi zala zonse khumi."

Lero m'mawa anandilowetsa m'chipinda chakuseri. Matabwa ayalidwa pa timitengo kuti mphepo izidutsa pakati, ndipo lililonse lalembedwa ndi choko tsiku limene linafika. Ndinasolola la pansi penipeni, kumene anthu amabisa zoipa. Ndinagogoda. Linati ngwee, ngati belu. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi, mpaka chala chinawawa. Ndinafunsa kuti, "Mayi, anakuphunzitsani ndani?" Anati, "Bambo anga. Atadwala ankangobwereza kuti, 'Osapala thabwa losayankha. Ine ndinachotsetsa ntchito munthu wosalakwa.'"

Sindikunamizani, mtima unandipweteka. Mawu amenewa woyenera kuwamva ndinali ine, ndipo a kapitawo akanabwera nawo pakhomo panga akadali moyo, pakuti sitinkakhala motalikirana. Koma afika, ngakhale adzera njira yaitali, ndipo katundu amene ndasenza zaka zonsezi ndamutula m'chipinda muja, pambali pa utuchi. Mudzamusesere kunja limodzi ndi utuchiwo.

Ndikuthokoza a bungwe amene mwaima nawo mayiwa, ndikuthokozanso aphunzitsi amene mudzaika magitala amenewa m'manja mwa ana. Inu amene muzigwira ntchito muno, wamkulu akadzakufulumizitsani, mudzagogode thabwa iye akumva. Ndipo inu mayi, wamng'ono akadzati silinaume, musadzamufunse kuti sukulu analekeza pati.

Tsono ndi mphamvu imene mwandibwereka lero lokha, ine Chipindakhosi, amene khosi langa lawongoka m'mawa uno, ndikulengeza kuti malo ano opangira magitala atsegulidwa.

Zikomo kwambiri.