Pemphero la kapitawo wa pachigayo

Aulutsi, ine koleji ndinaisiya isanandithamangitse, ndipo Chizungu chimene ndinatolako chinandipezera ukapitawo pachigayo cha mpunga ku Songani. Chaka cha chilala chija, mpunga utauma m'minda, eni chigayo anati ndichotse wantchito mmodzi. Ndinali nawo awiri: bambo wa ana amapasa, ndi akulu a mpingo amene ankatsogolera pemphero m'mawa uliwonse.

Ndinapempha Mulungu asankhe yekha, poti mabwanafe ntchito zolemera timatuma ena.

Kutacha, atanena ameni, akuluwo anavula ovolosi. "Akapitawo, musawatopetse Ambuye. Ndipita ineyo, amapasawo adye."

Akuluwo tinawaika m'manda mvula isanagwe. Omvera anzanga, Mulungu amayankha ndithu, ndiye samalani popempha. Ine masiku ano ndimangopempha mtima wolimba.