Ntchafu Zokana Kudzuka

Pamzere wodikira adokotala pachipatala china ku Ntchisi, mayi wina ankangosisita ntchafu zake, nkhope ili gwa. Mayi wachikulire amene anakhala naye pabenchi ndiye anayamba kufunsa.

"Mwavulala, mayi?"

"Ayi, zangolema ntchafuzi. Chiyambireni mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, chitunda cha kwathu ndimakwera mopumira. Dzana ndinagwada popereka madzi kwa apongozi, kudzuka kunandikanika. Iwo n'kumanditama kuti ndili ndi ulemu."

"Bambo akwathu zinawachitikiranso. Adokotala anati m'minofu muli timbaula tosaoneka ndi maso, totentha chakudya kuti munthu apeze mphamvu. Kwa anthu ena mankhwalawa amatifooketsa timbaulato, ndiye timangofuka utsi, utsiwo n'kumawononga mnofu."

"Ndiye anawatani?"

"Anawayeza magazi n'kuwasinthira mankhwala. Nanga mkodzo wanu ukuoneka bwanji?"

"Iii, amayi, pagulu pano?"

"Tonse tabwera ndi matupi pano. Nenani."

"Wada ngati tiyi wopanda mkaka."

"Chimenecho chikakhale choyamba kunena mukangolowa. Zikafika pamenepo, impso nazo zimatha kuwonongeka."

"Ine ndikangoti ndili bwino, andipatse mankhwala anga ndizipita. Mvula yagwa kale iyi, ndipo kunyumba ndasiya ana okhaokha. Akandigoneka m'chipatala muno, mtedza wanga adzala ndani?"

"Nanga ndi miyendo imeneyo, mudzala ndinu?"