Taonga Anandikhazika Pansi

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wosapemphera. Ndimawotcherera mageti ku Kanyama, ndipo ndinkadalira manja angawa basi. Mkazi wanga akamapita kutchalitchi, ndinkamuseka.

Mwana wathu Taonga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kusanza m'mawa uliwonse. Kenako ankayenda modzandira. Kuchipatala anamupeza ndi chotupa mu ubongo. Anamuchita opaleshoni, tinapumira m'mwamba. Patapita miyezi chinabweranso, chitafalikira mpaka kumsana.

Dokotala sanandibisire. Anati kumayiko akunja akuyesa njira yatsopano. Amatenga asilikali a m'magazi a mwanayo, kuwaphunzitsa kuzindikira khansa, n'kuwabwezera m'thupi kuti akamenyane nayo.

"Koma akali kuyesa chabe," anatero, "ndipo kuno kulibe."

Mawu omalizawo sindinafune kuwamva. Ndinasiya ntchito, n'kuyamba kuzungulira tauni, ofesi ndi ofesi, kupempha kuti mwana wanga amutumize kunja. Ena ankandipatsa mpando, ena ankandibweza pageti. Kuwodi ndinkangosuzumira n'kuthamanganso. Mwana ankatha thupi, maso akuchita mdima, ine ndili m'minibasi.

Tsiku lina ndikutuluka m'wodimo, Taonga anandigwira malaya.

"Batate, muyenda kuti futi?"

"Niyenda kukusakilira mankhwala, mwana wanga."

"Nkalani pansi. Nipempherereniko monga mwamene bamachitira bamami."

Ndinakhala. Bambo wamkulu ine, sindinkadziwa kuti pemphero limayamba bwanji. Ndinangoti, "Yesu, ndalephera," n'kulira pamaso pa anthu onse a m'wodimo. Taonga anati, "Ameni."

Ndisakunamizeni, Taonga sanachire. Anamwalira mutu wake uli pamkono pangapa. Koma masiku ake otsiriza ndinalipo. Ndinkamumwetsa madzi ndi supuni, ndinkamutembenuza msana ukamawawa. Ndikanapitiriza kuthamanga, akanapita ine ndili panjira.

Kumanda ndinkaganiza kuti ndipenga. Sindinapenge. Ambuye anandigwira. Mpaka lero ana akamaweruka kusukulu ndimalowa m'nyumba kuti ndisawaone. Komabe ine ndi mkazi wanga tsopano timagwada pamodzi, ndipo timapempherera madokotala akunja aja kuti mankhwalawo atheke, adzafike kwa ana a m'makomboni athu ano.

Dzina la Yesu lilemekezeke, pakuti sanandisiye m'chigwa chimenechi. Ngati muno muli bambo amene akusenza yekha matenda a mwana, osauza munthu, musabwerere nawo kunyumba lero. Bwerani kutsogolo kuno, tigwade limodzi.